Chitsamba cha pa Thanthwe: Kodi Makepa Angabale ku Chongwe?

Aliyense amene analowapo m'masitolo aakulu a mu Lusaka, nayendayenda pakati pa mashelefu kufikira kumene kumakhala zokometsera chakudya zochokera kunja, kapena anaonako timabotolo tating'ono m'mene muli timibulu tobiriwira tomira m'madzi amchere. Ndipo ngati anatola kabotolo kamodzi nawerenga mtengo wake, umene suyenerana konse ndi kuchepa kwa zam'katimo, sitikayika kuti anakabweza pamalo pake mwaulemu, napitirira ulendo wake wokagula mafuta ndi sopo. Pa pepala la botololo pamalembedwa dzina la Chingerezi lakuti capers, ndipo ife m'nkhani ino tiziti makepa. Ambiri amayesa kuti ndi nandolo wanthete kapena njere za chipatso china. Koma si njere ayi, ndiponso si chipatso. Ndi maluwa amene anathyoledwa asanamasule, naikidwa mumchere kufikira kuwawa kwake kutasanduka kukoma.

Chitsamba chimene chimabala timaluwato akatswiri a zomera amachitcha Capparis spinosa, ndipo kwawo ndi kumaiko ozungulira nyanja ya Mediterranean ndi cha kum'mawa kwake, kumene chimamera chokha pamatanthwe, m'ming'alu ya malinga akale, ndi m'magomo ouma amene mbuzi zokha zimafikako. Sichikula kukhala mtengo. Chimangoyanga pansi, nthambi zake zotalika mita imodzi kapena iwiri zili kugwera uku ndi uko, masamba ake obulungira ndi ochindikala, ndipo m'mitundu yake yambiri patsinde pa tsamba lililonse pamakhala minga iwiri yokhota. Koma duwa lake likamasula, munthu sangapite osacheuka: timasamba tinayi toyera mbee, ndipo pakati pake patuluka tiulusi tambirimbiri tatitali, tofiirira kunsonga, tonunkhira bwino, komatu ulemerero wonsewo sukhalitsa, pakuti duwa lomasula usiku kapena m'bandakucha limakhala litafota tsiku lisanathe. Amene anafika ku Jerusalem amachiona chili lende pakati pa miyala ya khoma lakale lija limene Ayuda amapempherapo, popanda wochithirira kapena wochipalira, ndipo akatswiri ambiri a Chihebri amati chipatso chake ndi chimodzi mwa zinthu zimene Mlaliki wa m'Baibulo anatchula m'mutu 12 pofotokoza masiku a ukalamba. Lero amene amalima ndi kugulitsa makepa ochuluka ndi a ku Morocco, Turkey, Spain ndi Italy, ndipo alimi ena a kumwera kwa Australia anayambanso kulima chitsambachi m'madera awo otentha.

Tsono mungafunse, owerenga, kuti chitsamba cha kutali choterocho chili ndi chiyani ndi mlimi wa ku Kanakantapa, wa ku Chalimbana kapena wa ku Palabana, amene chuma chake chili m'chimanga, mtedza, tomato ndi ng'ombe. Yankho lake ndi madzi. Anthu a m'boma la Chongwe safunika kuwafotokozera za chilala, pakuti anaona mtsinje wa Chongwe ukuphwa kangapo, amayi ali kufukula mchenga pansi pa mtsinjewo kufuna madzi, ndipo sanaiwale nyengo ya 2023 ndi 2024, pamene chimanga chinauma chili pafupi kumasula, kufikira Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale 2024 kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse. Nawonso Asoli, eni nthaka a dera lino, chaka ndi chaka mvula isanagwe amasonkhana pamaso pa Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II pa mwambo wa Chakwela Makumbi kupempha mvula ndi dalitso la mbewu. Ndipo fuko silikhala ndi mwambo wotere ngati mitambo ya kwawo siinayambe yalinyengapo. M'dziko lotere, munthu akamva za chomera chimene chimakhutira ndi mvula ya mamilimita 350 pachaka, chosaopa dzuwa lopitirira madigiri 40, chimene mizu yake imatsika kwambiri kufunafuna chinyezi m'ming'alu ya miyala, nichibalabe zaka makumi awiri kapena atatu, makutu ake ayenera kuimirira.

Koma walira mvula walira matope, ndipo pano ndi pamene pagona nkhani yonse. Kwawo kwa chitsambachi mvula imagwa m'nyengo yozizira, pamene icho chili mtulo, ndipo chilimwe chimakhala chotentha ndi chouma, pamene icho chimaphuka ndi kubala. Kwathu kuno zinthu n'zotembenuka, pakuti mvula ya ku Chongwe, imene pachaka chabwino imafika pafupifupi mamilimita 800, imakhuthuka m'miyezi yotentha, kuyambira Novembala mpaka Malichi, ndipo nthawi zina imagwa ya mvumbi masiku otsatizana nthaka n'kukhuta madzi. Chimene chimapha chitsamba cha makepa si ludzu koma madzi oima pamizu. Chifukwa chake ine ndiyesa kuti mdani wake wamkulu ku Chongwe sadzakhala Okutobala, mwezi umene mbewu zina zonse zimauopa, koma Januwale; ndipo aliyense wonena kwa alimi kuti ichi n'chomera cha chilala, choncho chidzachita bwino paliponse m'Zambia, wanena theka lokha la choonadi.

Wofuna kuyesa, tsono, asapite nacho kudimba kapena kudambo, kumene dothi lamakande limasunga madzi ndipo chisanu cha mu Juni ndi Julaye chimagonako. Afune malo aja amene aliyense amawanyoza pogawana minda: chitunda chamiyala, chotsetsereka, chowomba dzuwa tsiku lonse, pamene madzi a mvula amayenderera osaima. Akumbe dzenje, asakanize dothi ndi mchenga wa kumtsinje ndi timiyala, aunde nthumbira yokwera kuti tsinde likhale pamwamba, ndipo asachulutse manyowa, pakuti chitsambachi chinazolowera umphawi. Chimakonda nthaka ya laimu, yonga ya m'madera ena ozungulira Lusaka kumene kumakumbidwa miyala yopangira simenti, ndipo chimadana ndi nthaka yowawasa. Motero n'kwanzeru kutumiza dothi kuti akalipime, ndi kuthira laimu ngati pafunika. Zitsamba zimatalikirana mamita awiri kapena awiri ndi theka mbali zonse.

Kupeza mbande ndiko kovuta koyamba. Njere zake n'zazing'ono, za khungu lolimba, ndipo zikauma zimagona tulo tovuta kudzutsa, kotero kuti wozifesa monga afesera repu angadikire miyezi osaona kanthu. Alimi a kunja amaziviika m'madzi ofunda tsiku limodzi, nazikulunga m'kansalu konyowa, nazisunga m'firiji miyezi iwiri kapena itatu kuti ziyese zapyola m'nyengo yachisanu, kenaka naziviikanso m'madzi ofunda asanazifese m'machubu a dothi lamchenga. Ndipo ngakhale atatero, sizimera zonse, ndiponso sizimera tsiku limodzi. Njira ina ndiyo yodula nthambi za chaka chimodzi, zonenepa pafupifupi sentimita imodzi, zokhala ndi maso asanu ndi limodzi kapena kuposerapo, n'kuzizika mumchenga wachinyezi pamthunzi kufikira zitatulutsa mizu. Ubwino wake ndi wakuti chitsamba chatsopano chimafanana ndi make m'kabalidwe, ndipo ukapeza mtundu wopanda minga, umene ulipo ndithu ndipo ndiwo amalima ku Italy, umakhala nawo mpaka kalekale. Tikumbutsanenso kuti njere kapena mbande zochokera kunja kwa dziko sizilowa m'thumba la jekete ayi. Pafunika chilolezo cha ofesi ya boma yoyang'anira za matenda a mbewu, imene ili ku Mount Makulu ku Chilanga.

Chaka choyamba mbande zifunika kuthirira pang'onopang'ono m'chilimwe kufikira mizu itazama. Zikakhazikika zimadzisamala zokha. Zokolola zenizeni zimayamba chaka chachitatu kapena chachinayi, ndipo chitsamba chokhwima chimapatsa kilogalamu imodzi kufikira atatu pachaka. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Popeza maluwa amabadwa pa nthambi zatsopano zokha, chaka chilichonse m'nyengo yozizira mlimi amadulira nthambi zakale pafupi ndi tsinde, nasiya zitsa zazifupi, ndipo wochita chisoni ndi chikwanje chake pa ntchito imeneyi adzakolola masamba.

Kuthyola ndiyo ntchito imene imakweza mtengo wa kabotolo kaja. Palibe makina amene amaigwira, pakuti panthambi imodzi pamakhala timaluwa ta misinkhu yosiyanasiyana, kakang'onong'ono kunsonga, kokulirapo pambuyo pake, ndi kena kotsala tsiku limodzi kuti kamasule. Pa chisumbu cha Pantelleria, chimene chili pakati pa Sicily ndi Tunisia, ndipo makepa ake anapatsidwa chizindikiro chotetezedwa ndi malamulo a ku Ulaya m'chaka cha 1996, othyola amalawira kusanache, nawerama kapena kugwada pa chitsamba chilichonse, nanyamula nthambi ndi dzanja limodzi, dzanja linalo lili kubudula timaluwa kamodzikamodzi ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala, kufikira dzuwa litawapirikitsa. Ndipo pakapita masiku asanu ndi atatu kapena khumi amabwereranso pa chitsamba chomwecho, natero chilimwe chonse. Amalonda amasefa makepawo monga mwa kukula kwake: aang'ono koposa, osapitirira mamilimita 7, amatchedwa nonpareil ndipo ndiwo a mtengo wapatali, aakulu, ofika mamilimita 14 ndi kupitirira, ndiwo otsika mtengo. Taonani tsono chodabwitsa cha malonda amenewa, kuti chimene chichepa ndicho chilemekezedwa, ndipo kuti kilogalamu imodzi ya timaluwa tating'onoto ikwane pamafunika zikwi zingapo, kalikonse kogwidwa ndi zala za munthu. Timaluwa totsala patchire timamasula n'kubala zipatso zazitali pang'ono, za njere zambiri, zimene nazonso amaziika mumchere kapena m'viniga pamodzi ndi kaphesi kake.

Pamenepa pali china chimene mlimi wa ku Chongwe ayenera kulingalira asanakumbe dzenje loyamba. Ngati chitsambachi chingatsate nyengo za kuno, chidzaphuka kukayamba kufunda mu Ogasiti ndi Seputembala, ndipo timaluwa tidzachuluka kuyambira Okutobala kunka m'tsogolo, ndiyo nthawi yomweyo imene banja lonse lili kalikiliki kusosa, kukumba maenje, kuthamangira feteleza, kubzala, kenaka kupalira. Manja amene adzathyola makepa m'mawa ndi omwewo amene khasu likuwadikira. Paja amati mapanga awiri avumbwitsa. Choncho zitsamba khumi kapena makumi awiri kuseri kwa nyumba, zimene agogo ndi adzukulu angathe kuzithyola dzuwa lisanakwere, n'zanzeru kuposa hekitala imene idzamasula maluwa okongola mwini wake ali kumunda wa chimanga.

Tibwere tsopano ku kakonzedwe kake. Kaduwa kongothyoledwa kumene sikadyeka. Ukakaluma kamawawa kwambiri. M'kati mwake muli mankhwala achilengedwe otchedwa glucocapparin, amene, kaduwako kakafota ndi kulowedwa mchere, amasweka natulutsa kafungo kakuthwa ka mpiru, ndipo kafungo kameneko ndiko anthu amalipira ndalama. Ife a kuno tisadabwe nazo, pakuti amayi athu amadziwa kuyambira kale kuti chinangwa chowawa sachitaya koma amachiviika masiku angapo, ndipo chimene chikanapha munthu chimasanduka ufa wa kondowole. Nzeru yake ndi imodzimodzi, kusiyana kwake n'kwakuti kumeneko ntchito imagwiridwa ndi madzi, kuno imagwiridwa ndi mchere.

Njira ya ku Pantelleria ndiyo yapafupi kwa munthu wa kumudzi, chifukwa siifuna moto, magetsi kapena viniga. Makepa akathyoledwa amawachotsa timapesi ndi masamba, nawayanika pamthunzi kuti afote pang'ono, kenaka nawathira m'chidebe pamodzi ndi mchere wamibulu, pafupifupi magalamu 400 a mchere pa kilogalamu imodzi ya makepa. Chidebecho chikhale chapulasitiki kapena chagalasi, osati chachitsulo, pakuti mchere umadya chitsulo. Tsiku ndi tsiku amavundula ndi dzanja kuchokera pansi, ndipo pakapita masiku awiri kapena atatu mcherewo umakhala utakoka madzi a m'timaluwamo, pansi pa chidebe pali madzi obiriwira motuwa, mtundu wa makepa wasintha kuchoka pa kubiriwira kowala kufika pa kubiriwira kwa msipu wofota, ndipo fungo lotuluka ukavundukula limalasa m'mphuno. Pakatha masiku ngati khumi amakhetsa madzi owawawo, nathiranso mchere watsopano wocheperapo, pafupifupi magalamu 250 pa kilogalamu, navundulanso masiku ena khumi. Zikatero makepa apsa, ndipo akaikidwa m'botolo louma lotsekeka bwino, pamodzi ndi mchere wake, amakhala chaka chathunthu ndi kupitirira osawonongeka. Ena amayamba awaviika m'madzi masiku atatu, nasintha madziwo tsiku lililonse, kenaka nawamiza m'viniga wosakaniza ndi madzi ndi mchere. Njira imeneyi ndiyo yofala m'masitolo, koma ophika ambiri odziwa amati viniga amaphimba fungo la duwa, ndipo ine ndili kumbali yawo. Mukaona timadontho toyera pakhungu la makepa osungidwa, musawataye poyesa kuti ndi nkhungu. Kawirikawiri ndi mankhwala ena a m'chomeracho, otchedwa rutin, amene amaundana akatuluka.

Podya, makepa amchere amayamba atsukidwa ndi kuviikidwa m'madzi kanthawi, ndipo amathiridwa mumphika chakudya chili pafupi kupsa, pakuti moto wambiri umathawitsa fungo. Sali ndiwo ayi. Ndi chokometsera, ndipo supuni imodzi ikwanira mbale ya banja. Amayanjana ndi nsomba, mazira, nkhuku ndi msuzi wa tomato, kotero kuti nsomba yaiwisi ya ku Kafue yophikidwa ndi tomato ndi anyezi ingawalandire bwino. Koma pa kapenta wouma, amene ali kale ndi mchere wake, kungakhale kutaya chuma.

Tsopano ndichenjeze ndi mawu olimba, pakuti pali ngozi. M'tchire la kwathu, makamaka pa zulu ndi m'zigwa zotentha monga kumunsi kumene mtsinje wa Chongwe umathira mu Zambezi, ndi m'chigwa cha Luangwa, mumamera mbale wake wa chitsambachi, wotchedwa Capparis tomentosa, woyanga pamitengo ina, wa minga iwiriiwiri yokowa, wa masamba aubweya, wa maluwa a tiulusi tambiri ofanana ndithu ndi a makepa, ndi zipatso zobulungira zimene zikapsa zimaoneka zachikasu mofiirira. Munthu atawerenga nkhani ino angakumbukire kuti anachionapo, nati m'mtima mwake, Chuma chija chili pachulu cha kumunda kwanga. Iyayi, asatero. Mizu ya chitsamba chimenechi ili ndi ululu woopsa umene unaphapo anthu, ndipo ziweto nazonso zinadwalapo nacho. Kuona anyani kapena mbalame zikudya zipatso zake si umboni wakuti timaluwa take tingaikidwe mumchere n'kupatsidwa kwa ana. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Koma alipo mbale wina, wofatsa, amene takhala naye pakhomo kuyambira makolo, ndiye luni, amene ambiri ku Zambia amati suntha, a Chibemba namutcha lubanga. Kwa zaka zambiri akatswiri a zomera ankamuwerengera m'banja limodzi ndi makepa, ndipo ngakhale tsopano anamupatsa banja lakelake loyandikana nalo, kuwawa kumene timamva m'masamba ake kumachokera ku mankhwala a mtundu womwewo. Amamera yekha mvula yoyamba ikangogwa, makamaka pamene panali khola, nakula msanga kotero kuti pakangopita masabata ochepa amayi ayamba kubudula nsonga zake, pamene ndiwo zina zonse zili kutali. Amamuwiritsa, ena nataya madzi oyamba kuti kuwawa kuchepe, namutendera ndi nsinjiro, ndipo wotsala amamufutsa kuti adzadye m'chilimwe. Azungu a ku Mediterranean anatenga chowawa cha m'miyala ya kwawo, nachisamala, nachisankhira mitundu yabwino, nachiikira malamulo ndi dzina, kufikira chinawoloka nyanja n'kudzakhala pa shelefu ya mu Lusaka. Ife chowawa chathu timachisiya chidzimerera chokha kuseri kwa khola, ndipo ana ena ophunzira amachita nacho manyazi. Pamenepa ndiye ndiona kuti tili ndi ngongole. Ku Kasisi, m'boma lomwe lino la Chongwe, kumene ansembe a Chijezuiti anakhazika mishoni m'chaka cha 1905, ndipo sukulu yawo ya zaulimi, imene inayamba mu 1974, yakhala ikuphunzitsa ulimi wosadalira feteleza ndi mankhwala ogula kuyambira cha m'ma 1990, alimi amalimbikitsidwa kusunga mbewu zamakolo. Ndipo mlimi amene angasankhe luni wa masamba aakulu, wochedwa kumasula, nasunga njere zake chaka ndi chaka, nafutsa mfutso waukhondo woikidwa m'mapaketi, adzapeza ogula ku msika wa Soweto mu Lusaka tsiku lomwelo, osadikira zaka zinayi.

Kunena izi sikuletsa munthu kuyesa makepa. Chongwe ili pamtunda wa makilomita ngati 45 kuchokera ku Lusaka pa msewu waukulu wa kum'mawa, bwalo la ndege la Kenneth Kaunda lili m'boma lomweli, ndipo mahotela a mumzinda ndi malo ogona alendo a ku Lower Zambezi ali ndi ophika amene amagwiritsa ntchito makepa ogulidwa kunja. Koma msika umenewu ndi wochepa, ndipo hotela imodzi siingathe makilogalamu ambiri pachaka; choncho wanzeru ayambe wakaonana ndi ophikawo, awafunse kuchuluka kwa zimene amagula ndi mtundu umene amafuna, wamchere kapena waviniga, asanaitanitse njere.

Ndipo pamene akudikira mbande zake, angathe kuzoloweza manja ake ntchito ya mchere ndi duwa lija la m'mabwalo a nyumba lotchedwa nasturtium, la masamba obulungira ndi maluwa achikasu ndi ofiira, limene limakula mosavuta m'nyengo yozizira ngati lithiriridwa. Njere zake zikadali zanthete ndi zobiriwira zimalasa lilime ngati mpiru, ndipo ku Ulaya anthu osauka akhala akuziika m'malo mwa makepa kuyambira kale: amazithyola zisanalimbe, naziviika m'madzi amchere masiku atatu, nasintha madziwo tsiku ndi tsiku, kenaka naziika m'botolo la viniga wowiritsa, ndipo pakatha masabata atatu kapena anayi zimakhala zokonzeka kudya. Pogulitsa azitchule dzina lake lenileni, pakuti wophika wodziwa ntchito yake amazizindikira akangoluma kamodzi.